Kufuna nyumba ya lendi ku Kamitondo pamene mbiri ya ngongole yadetsedwa: mafunso ndi mayankho

Kamitondo ndi imodzi mwa makomboni akale a mzinda wa Kitwe, m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, yoyandikana ndi Buchi, ndipo monga zilili ku Chimwemwe, ku Kwacha ndi ku Bulangililo, kapena ku Chifubu ndi ku Masala mumzinda wa Ndola, mabanja ochuluka a kumeneko amagona m'nyumba za eni ake n'kumalipira pakutha pa mwezi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Kitwe lokha, kotero kuti chipinda chabwino chikatsala chopanda munthu sichikhalitsa, ndipo mwini nyumba amakhala ndi mpata wosankha amene akumufuna. Munthu amene anakongolapo ndalama n'kulephera kubweza pa nthawi yake amalowa mumpikisano umenewu ali ndi chilema, koma chilemacho sichigwira ntchito mofanana paliponse, ndipo amene wamvetsa momwe chimagwirira ntchito amadziwa pomwe angayambire.

Kodi mbiri ya ngongole n'chiyani, ndipo amaisunga ndani?

Mbiri ya ngongole ndi kaundula wa momwe munthu wakhala akukongolera ndi kubwezera ndalama kumabanki, kumabungwe obwereketsa ndalama zochepa ndi kumakampani ena opereka zinthu pangongole, ndipo m'kaundulamo mumalembedwa ndalama zimene munthuyo anatenga, tsiku limene anayenera kubweza, zimene wabweza kale ndi nthawi imene wachedwa. Ku Zambia ntchito yosonkhanitsa nkhanizi inayamba pamene Bank of Zambia, yomwe imayang'anira mabanki onse m'dzikomo, inapereka chiphaso mu 2006 kwa kampani ya Credit Reference Bureau Africa Limited, imene lero imadziwika ndi dzina loti TransUnion, ndipo chakumapeto kwa 2008 bankiyo inalamula mabungwe onse amene ali pansi pake kuti azipereka nkhani za owakongola komanso kuti azifufuza kaye mbiri ya munthu asanamubwereke ndalama. Mu 2018 kunakhazikitsidwa lamulo la Credit Reporting Act, limene limalongosola ntchito ya makampani osunga mbiriwa ndi ufulu wa anthu amene mayina awo ali m'kaundula.

Pa Copperbelt anthu amakonda kunena kuti uje anaikidwa pa CRB, kutanthauza Credit Reference Bureau, ngati kuti pali buku la anthu oipa okhaokha limene munthu amaponyedwamo akalakwa. Kunena zoona, aliyense amene anatengapo ngongole kubungwe lachiphaso amapezekamo, wobweza bwino ndi wobweza movutikira yemwe, ndipo chimene chimasiyana ndi zolembedwa pansi pa dzina lake ndi nambala ya chitupa chake cha unzika, chomwe ambiri amachitcha reji kapena NRC. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa munthu amene akuganiza kuti anatsekeredwa kunja mpaka kalekale sachitapo kanthu, pomwe wodziwa kuti kaundula amalandira nkhani zatsopano nthawi ndi nthawi amazindikira kuti kubweza kulikonse kumene angachite lero kudzaoneka mawa.

Kodi alandilodi a ku Kamitondo amayang'anadi kaundula ameneyu?

Ambiri samuyang'ana, ndipo ngakhale atafuna sakanangopita kukatenga lipoti la munthu wina, popeza lamulo limaika malire pa amene angalione ndi zifukwa zolionera. Malo amene pepala la ngongole kapena la kubanki limafunsidwa kawirikawiri ndi nyumba zodula zoyendetsedwa ndi maejenti kapena makampani, monga za ku Parklands, ku Riverside ndi ku Nkana East mu Kitwe, kapena ku Kansenshi ndi ku Northrise mu Ndola.

Izi sizitanthauza kuti ku Kamitondo kulibe mbiri ya ngongole. Ilipo ina, yosalembedwa, yoyenda pakamwa, ndipo imathamanga kuposa ya pakompyuta. Mwini nyumba amafunsa mlendo kumene amagwira ntchito, kumene akuchokera, chimene wachokerako, kuchuluka kwa ana ake ndi mpingo umene amapemphera, ndipo mlendoyo akangotembenuka, mayankho ake amakayesedwa kwa oyandikana nawo, kwa amayi a pamsika, kwa wogulitsa mayunitsi pakona ndi kwa landilodi wakale ngati akudziwika. Munthu amene anasamuka usiku kuthawa lendi ya miyezi itatu ku Buchi sangayembekezere kuti nkhaniyo sinawoloke msewu. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo m'komboni mmene anthu anakulira pamodzi, anagwira ntchito mumgodi umodzi ndipo amakumana pamaliro amodzi, mawuwa amakwaniritsidwa tsiku ndi tsiku.

Palinso njira yachitatu imene ngongole imaonekera, ndiyo peyisilipi, pepala losonyeza malipiro a munthu ndi zonse zimene zadulidwapo. Landilodi amene wapempha pepalali pofuna umboni woti mlendo ali pantchito amaona yekha mizere ya mabungwe obwereketsa amene amadula zawo malipiro asanafike m'manja, ndipo ngati chotsala pansi penipeni chikungoposa lendi pang'ono, sipafunikanso lipoti la TransUnion kuti iye akayikire.

N'chifukwa chiyani eni nyumba m'makomboni amaumitsa mtima chotere?

Yankho lili m'mbiri ya nyumbazo. M'nthawi ya atsamunda nyumba ya wantchito wachikuda pa Copperbelt inali yomangirizidwa ku ntchito yake: ogwira ntchito mumgodi wa Nkana ankakhala m'makomboni a kampani monga Wusakile ndi Mindolo, pomwe ogwira ntchito zina za m'tauni ankapatsidwa nyumba za khonsolo, ndipo lamulo la 1948 lokhudza nyumba za anthu akuda m'matauni linaika udindo wopezera antchito pogona pa owalemba ntchito ndi pa makhonsolo. Mwa anthu amene anadzaza nyumbazi munali Achewa, Angoni ndi Ansenga ochokera kum'mawa kwa dzikolo, pamodzi ndi ochokera ku Nyasaland, amene zidzukulu zawo zilipobe ngakhale kuti chilankhulo cha pamsewu ndi Chibemba. Pa dongosolo limenelo lendi inkadulidwa kumalipiro kapena kulipidwa ndi bwana, choncho funso loti wokhala m'nyumba ndi wokhulupirika kapena ayi silinkabuka kwenikweni. Wochotsedwa ntchito ankachotsedwanso m'nyumba.

Zinthu zinatembenuka kuyambira mu 1996, pamene boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo ndi za boma zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, zambiri pa mitengo yotsika kwambiri, ndipo m'zaka zotsatira, pamene kampani ya boma ya migodi ya ZCCM inkagawidwa ndi kugulitsidwa mpaka mu 2000, nyumba zake nazo zinapita m'manja mwa antchito ake. Anthu zikwizikwi anasanduka eni nyumba pa nthawi yomweyo imene ambiri a iwo ankataya ntchito. Chuma chokha chimene chinawatsalira chinali kanyumba ndi bwalo lake, motero anayamba kumanga zipinda kuseri ndi m'mbali, zimene ena amazitcha makabini, kapena kusamukira kumalo otchipa kuti nyumba yonse aiike pa lendi.

Chotsatira chake n'chakuti landilodi wa ku Kamitondo kawirikawiri si munthu wolemera. Amatha kukhala mayi wamasiye wa wakumgodi, bambo wopuma pantchito amene penshoni yake inatha kale, kapena ana amasiye amene amagawana lendi ya nyumba imene makolo awo anasiya. Kwa anthu otere mwezi umodzi wosalipidwa ndi thumba la ufa limene silinagulidwe kapena mankhwala a shuga amene sanatengedwe. Wofuna nyumba amene akumva kuwawa pofunsidwa mafunso ambiri ayenera kukumbukira kuti wofunsayo akuteteza chakudya chake, ndipo kukambirana kumayenda bwino pamene mbali zonse zikudziwa kuti umphawi uli uku ndi uku.

Kodi mbiri ya munthu imadetsedwa bwanji?

Pa Copperbelt njira yodziwika kwambiri ndi ngongole yodulidwa kumalipiro, imene inafala kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene makampani monga Bayport, yomwe inayamba ntchito zake ku Zambia mu 2002, anayamba kubwereketsa ogwira ntchito m'migodi ndi m'boma. Ngongole yotere imayenda bwino malinga ngati ntchito ilipo, koma ntchito ya kumgodi imakwera ndi kutsika ndi mtengo wa kopa pamsika wa dziko lonse. Mu 2015 kampani ya Mopani, imene imayendetsa migodi ya Nkana ndi Mufulira, inachotsa antchito zikwi zingapo, ndipo mu April 2020 eni ake a nthawiyo, a Glencore, analengeza zoimitsa migodiyo kwa kanthawi. Pa nthawi ngati zimenezi oyamba kugwa ndi ogwira ntchito m'makampani a makontirakiti, amene mapangano awo ndi aafupi, ndipo malipiro akaima ngongole imapitiriza kubereka chiwongoladzanja.

Ena amadetsedwa popanda kulakwa kwawo, pamene wowalemba ntchito wadula ndalama kumalipiro koma wachedwa kuzitumiza kwa wobwereketsa, vuto limene linakhudzanso ogwira ntchito m'boma m'zaka zapitazi. Enanso amagwa ndi ngongole zazing'ono za pafoni, monga Kongola ya MTN ndi Na Sova ya Airtel, zimene zimatengedwa m'kamphindi ndipo zimaiwalika msanga munthu akasintha nambala, chikhalirecho ngongole yoperekedwa mogwirizana ndi bungwe lachiphaso imatha kulowa m'kaundula ngati ina iliyonse.

Apa pali kupendekera kumene kuyenera kunenedwa poyera. Munthu angalipire lendi mokhulupirika kwa zaka khumi ku Kamitondo, ndalama imene ndi yaikulu kuposa china chilichonse chimene amalipira pamwezi, koma kukhulupirika kumeneko sikulembedwa m'kaundula aliyense, pomwe kangongole ka pafoni kamene anachedwa nako kamalembedwa. Kaundula amasunga kugwa kwa wosauka koma sasunga kuima kwake pa lendi, ndipo chifukwa cha ichi wofuna nyumba ayenera kudzisungira yekha umboni umene palibe bungwe limene likumusungira.

Kodi lamulo limati chiyani pa lendi yolipiriratu ndi dipoziti?

Nyumba zogonamo zimayendetsedwa ndi lamulo la Rent Act, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ndi mutu 206 wa malamulo a Zambia, pomwe masitolo ndi maofesi ali ndi lamulo lawo lapadera. Lamuloli limakamba za lendi yovomerezeka, imene khoti lili ndi mphamvu yoikhazikitsa pa nyumba, ndipo limaletsa mwini nyumba kufuna kapena kulandira lendi yolipiriratu yoposa ya miyezi iwiri. M'zochitika za tsiku ndi tsiku, kufunsidwa miyezi itatu pamodzi ndi dipoziti, yomwe ndi ndalama yachikole yosungidwa kuti idzakonzere zowonongeka kapena kutseka lendi yotsala, n'chinthu chofala m'matauni a Zambia, ndipo wofuna nyumba amene mbiri yake ikukayikitsa ndi amene amafunsidwa zambiri.

N'zoona kuti munthu amene alibe pogona sangayambe ndi kuwerengera landilodi ndime za lamulo, chifukwa nyumbayo ingopatsidwa kwa wotsatira pamzere. Komabe kudziwa malire a miyezi iwiri kumamupatsa poima pokambirana, makamaka ngati akupereka china m'malo mwa mwezi wachitatuwo, ndipo ndalama iliyonse imene yaperekedwa iyenera kulembedwa momveka kuti iyi ndi lendi ya mwezi wakuti, iyi ndi dipoziti, popeza mikangano yambiri ya potuluka imachokera pa ndalama imene wina ankaiyesa chikole pomwe mnzake ankaiyesa lendi.

Nanga wofuna nyumba angabweretse chiyani kuti akhulupiriridwe?

Choyamba ndi umboni wa lendi yakale. Malisiti, kabuku kamene landilodi wakale ankasainamo mwezi ndi mwezi, kapena mauthenga a Airtel Money, MTN MoMo ndi Zamtel osonyeza tsiku ndi ndalama zimene zinatumizidwa, zonsezi zimalankhula mwamphamvu kuposa malonjezo, ndipo ndicho chifukwa chake kulipira lendi pamanja popanda cholembedwa chilichonse kumamuluza wolipirayo ngakhale pamene palibe mkangano. Kalata yaifupi yochokera kwa landilodi wakale, yokhala ndi nambala yake ya foni, imaposa zonse, chifukwa imalowa mwachindunji m'mbiri ya pakamwa ija imene eni nyumba amaidalira.

Chachiwiri ndi munthu woimira. Pano pamafunika kusiyanitsa mboni ndi woimira, popeza anthu amasokoneza ziwirizi ndipo maubale amatha chifukwa cha chisokonezocho. Mboni imangotsimikiza kuti inaona anthu awiri akupangana ndi kusaina, ndipo ilibe ngongole iliyonse. Woimira amalonjeza kuti wolowa m'nyumba akalephera, iye adzalipira, ndipo lonjezo lotere liyenera kulembedwa, kusainidwa ndi kuikidwa malire a miyezi kapena a ndalama. Mkulu wa mpingo, malume amene ali pantchito yokhazikika kapena bwana wa kuntchito angathe kuimira munthu, koma ndi chilungamo kumuuza zonse za ngongole zimene zilipo asanaike dzina lake papepala.

Chachitatu, chimene ambiri amachiopa, ndi kunena zoona msanga. Wofuna nyumba amene wayamba yekha kufotokoza kuti, "Amayi, ntchito inatha chaka chatha ndipo ngongole ya kubanki inatsalira, koma tsopano malipiro akubwera pa 28 mwezi uliwonse, ndipo malisiti a kumene tikuchokera ndi awa," amakhala wachotsa ululu m'nkhani imene landilodi akanaimva mawa kwa anthu ena itakometsedwa. Kubisa kumapindulitsa kwa sabata imodzi, koma chobisikacho chikatulukira chimawerengedwa ngati bodza, ndipo mwini nyumba amakhululukira umphawi mosavuta kuposa bodza.

Pali zinanso zing'onozing'ono zimene zimathandiza kwambiri. Tsiku lolipira likhale logwirizana ndi tsiku limene ndalama zimalowa, osati loyamba la mwezi chifukwa cha chizolowezi chabe. Wogulitsa pamsika wa Chisokone, amene ndalama zake zimabwera pang'onopang'ono, angapangane zolipira pa sabata kapena kawiri pamwezi. Pangano loyamba lingakhale la miyezi itatu yoyeserera, lowonjezedwa ngati zonse zayenda bwino. Wolembedwa ntchito akumbukire kuti lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti bwana apereke nyumba, thandizo logulira nyumba kapena alawansi ya nyumba, ndipo mabwana ena amavomera kutumiza lendi kwa landilodi mwachindunji akapemphedwa. Koposa zonsezi, nyumba ikhale yolingana ndi chotsala cha malipiro ngongole zitadulidwa, osati ndi malipiro olembedwa pamwamba pa peyisilipi. Kuyamba ndi zipinda ziwiri za kuseri n'kulipira chaka chathunthu osaphonya kumamanga mbiri, pomwe kulowa m'nyumba yaikulu n'kutulutsidwa mwezi wachinayi kumawonjezera dzina lina pa anthu amene adzachitire munthuyo umboni woipa.

Kodi n'kwanzeru kutenga kaloba kuti ndalama zolowera zikwane?

Kaloba, imene ku Malawi imatchedwa katapila, ndi ngongole ya kwa munthu wamba yobwezedwa pa nthawi yochepa ndi chiwongoladzanja chachikulu, ndipo ndi khomo limene limatsala lotsegula pamene mabanki atseka awo. Wobwereketsa safunsa za kaundula, koma amatenga chikole monga TV, firiji, foni, ngakhale khadi la kubanki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Lamulo la Money Lenders Act limafuna kuti wochita malonda obwereketsa ndalama akhale ndi chiphaso, ndipo limaona chiwongoladzanja choposa 48 peresenti pachaka ngati chopyola muyezo, koma kaloba imawerengedwa pamwezi.

Masamu ake ndi osavuta kuwatsata. Poyerekeza chabe, ngati lendi ili K1,000 ndipo munthu wakongola K3,000 ya miyezi itatu pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pamwezi, ndiye kuti mwezi uliwonse umene walephera kubweza zonse amalipira K900 yongokhalitsa ngongoleyo, zomwe ndi pafupifupi kulipira nyumba ziwiri pamene akugona m'nyumba imodzi. Miyezi itatu yolipiriratu ikatha, lendi ndi kaloba zimakumana pa malipiro amodzi, ndipo imene imasiyidwa ndi lendi, chifukwa wakaloba ali kale ndi khadi la kubanki.

Njira zochedwa ndizo zotetezeka. Chilimba, chomwe ena amachidziwa ngati chipereganyu, ndi gulu limene mamembala amasonkha ndalama zofanana n'kumapatsana mosinthana, ndipo munthu angapemphe kuti ulendo wake ugwirizane ndi mwezi wosamuka. Mabanki a m'mudzi, amene afalanso m'makomboni ndi m'mipingo, amabwereketsa mamembala awo pa chiwongoladzanja chimene chimabwerera kwa iwo omwe pogawana. Amene anasonkhapo ku NAPSA, thumba la penshoni la dziko lonse, analoledwa kuyambira mu 2023 kutapako 20 peresenti ya zosonkha zawo ngati akwaniritsa zofunika, koma mwayi umenewu ndi wa kamodzi kokha ndipo umachepetsa za ukalamba, kotero uyenera kuganiziridwa mofatsa.

Nanga maejenti?

Maejenti ovomerezeka amalembetsedwa ku Zambia Institute of Estate Agents motsatira lamulo la Estate Agents Act la 2000, koma ambiri amene amaonetsa zipinda m'makomboni kapena kulengeza nyumba pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi anyamata odziwa misewu, amene amalipiritsa kandalama koonera nyumba. Ena ndi othandiza ndithu. Woopsa ndi amene amafuna dipoziti patelefoni munthu asanalowe m'nyumbamo ndi kukumana ndi mwini wake, ndipo wothedwa nzeru amene wakanidwa kangapo ndiye amagwa msanga mumsampha wotere, makamaka akauzidwa kuti kuno safunsa mafunso.

Kodi kaundula angakonzedwe?

Angakonzedwe, ngakhale kuti zimatenga nthawi. Lamulo la 2018 limapatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa pa dzina lake, kuphatikizapo lipoti laulere kamodzi pachaka, komanso ufulu wotsutsa cholembedwa cholakwika kuti chifufuzidwe ndi kukonzedwa. Munthu amene ngongole yake inadulidwa kumalipiro koma ikuoneka ngati yosabwezedwa ayenera kusonkhanitsa mapeyisilipi osonyeza kudulidwako n'kupita nawo kwa wobwereketsa, popeza ndi wobwereketsayo amene amatumiza nkhani ku kampani yosunga kaundula, ndipo dandaulo limene lakanika kumeneko lingapititsidwe ku Bank of Zambia, yomwe ilinso ndi ofesi ku Ndola.

Ngati ngongoleyo ndi yoona, njira ndi kukambirana za kabwezedwe katsopano, kulemba panganolo, ndipo pomaliza kupempha kalata yotsimikiza kuti zonse zabwezedwa. Kumaliza kubweza sikufufuta zakale nthawi yomweyo. Chimene chimasintha n'chakuti ngongoleyo imaoneka kuti inatsekedwa, ndipo kalata ija ndi imene ingasonyezedwe kwa ejenti kapena landilodi m'nyengo yodikira. Aliyense wolonjeza kuchotsa dzina m'kaundula akapatsidwa ndalama ndi wakuba.

Kodi wokhala m'nyumba akatsalira pa lendi, landilodi angachite chiyani?

Angathe kumukumbutsa, kumulembera chidziwitso ndi kukamusumira, koma Rent Act salola kuti wokhala m'nyumba atulutsidwe popanda chigamulo cha khoti, ndiponso salola kulanda katundu wake chifukwa cha lendi khoti lisanavomereze. Kuzula chitseko, kuchotsa malata, kuika loko wina kapena kutaya katundu panja, zimene zimachitikabe m'makomboni, ndi kudzitengera lamulo m'manja. Kusalipira lendi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene khoti limavomereza polamula kuti munthu atuluke, kotero chitetezo cha lamulo chimapereka dongosolo ndi nthawi, osati nyumba yaulere.

Milandu ya ndalama zochepa, monga dipoziti imene yakanizidwa kapena lendi yotsala, ingapite ku Small Claims Court, khoti limene anthu amadziyankhulira okha popanda maloya, ndipo wosowa ndalama angafunse uphungu ku Legal Aid Board, imene ili ndi maofesi ku Kitwe ndi ku Ndola, kapena ku National Legal Aid Clinic for Women ya ku Ndola. Komabe nkhani zambiri zimathera pakhonde, pamaso pa akulu a mpingo kapena atsogoleri a m'dera, ndipo wokhala m'nyumba amene wapita yekha kwa landilodi tsiku lolipira lisanafike, ali ndi theka la ndalama m'manja ndi tsiku lenileni lobweretsa zotsalazo, kawirikawiri amamvedwa, kusiyana ndi amene wazima foni n'kumalowa m'nyumba usiku.

Kodi m'mayiko ena zimayenda chimodzimodzi?

Kumene kaundula wa ngongole anazika mizu, eni nyumba amamudalira kwambiri. Ku America anthu amapatsidwa nambala ya FICO, yoyambira pa 300 kufika pa 850, imene alandilodi ambiri amaiyang'ana asanapereke kiyi. Ku South Africa, kumene Amalawi ndi anthu a ku Zambia ambiri amachita lendi ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kuli kampani ya TPN imene imasunga makamaka mbiri ya kalipiridwe ka lendi, ndipo lamulo la Rental Housing Act la 1999 limafuna kuti dipoziti isungidwe ku akaunti yobereka chiwongoladzanja chimene chimapita kwa wolipirayo. Ku England lamulo la 2019 linaika malire a dipoziti pa lendi ya masabata asanu pa nyumba zambiri. Malawi nayo ili ndi lamulo lake la makampani osunga mbiri ya ngongole, la 2010.

Dongosolo la ku South Africa lili ndi mbali ziwiri zimene anthu a pa Copperbelt ayenera kuziyeza bwino lisanawafikire. Limalemba wolipira bwino, chomwe ndi chilungamo chimene chikusowa ku Kamitondo, koma limatsatanso wolephera kulikonse kumene angapite, pomwe mbiri ya pakamwa, ngakhale ili ndi miseche yake, imatha kumva chifukwa chimene munthu anagwera, kuti panagwa maliro, kuti mgodi unatseka, kuti mwana anagonekedwa ku Kitwe Teaching Hospital, ndipo imatha kumupatsanso mwayi.

Kodi munthu atuluke bwanji m'nyumba kuti yotsatira isadzavute?

Potuluka ndi pamene mbiri ya mawa imalembedwa, ndipo chimene chimaidetsa kawirikawiri si lendi yokha ayi, koma madzi ndi magetsi. Magetsi a ZESCO m'nyumba zambiri ndi olipiriratu, koma pamene mabanja angapo akugwiritsa ntchito mita imodzi pamafunika kugwirizana kuyambira pachiyambi za gawo la banja lililonse. Madzi, amene ku Kitwe amaperekedwa ndi kampani ya Nkana Water ndipo ku Ndola ndi ya Kafubu, amatha kusiya bilu yotsalira pa nyumba, imene wolowa kumene amaipeza kapena wotuluka amanamiziridwa. Choncho manambala a pamita ndi bilu yomaliza zilembedwe m'pangano pa tsiku lolowa, pamodzi ndi mawindo osweka, maloko ndi mipopi yodontha, makamaka zitajambulidwa pafoni, ndipo zomwezo zibwerezedwe pa tsiku lotuluka onse awiri ali pomwepo.

Chidziwitso chosamuka chiperekedwe molemba pa nthawi imene pangano linanena, imene pa lendi ya mwezi ndi mwezi nthawi zambiri imakhala mwezi umodzi. Ngati pali lendi yotsala imene singathe kulipidwa yonse, ilembedwe kuti ndi zingati, dipoziti ichotsedwepo, ndipo chotsalacho chigawidwe m'miyezi imene wotulukayo angakwanitse, onse asaine pamaso pa mboni. Kiyi aperekedwe masana, m'manja mwa mwini nyumba, ndipo nthawi yomweyo, iye asanatanganidwe ndi wolowa wina, apemphedwe kulemba mizere iwiri kapena itatu yonena miyezi imene banjalo lakhala m'nyumbamo ndi momwe lalipirira, ndi kuikapo dzina lake, tsiku ndi nambala yake ya foni.